Ndalama za chitukuko si chinsinsi cha mu ofesi

Ndakwiya, ndipo sindikufuna kubisa. Azakhali anga, amene ali m'komiti ya chitukuko cha m'mudzi kwathu kuno ku Nkhotakota, adakwera kabaza Lachiwiri m'mawa kupita ku ofesi ina kukafunsa za mdadada wa sukulu womwe udalekezera pa mawindo, ndipo tsopano mkati mwake mwamera thengo. Ankafuna kudziwa kuti ntchitoyo idapatsidwa ndalama zingati, kontrakitala wake ndani, komanso kuti inkayenera kutha liti. Mnyamata amene adamupeza pa desiki, wa msinkhu wa mwana wawo, adayankha maso ali pa foni kuti, "Amayi, zimenezo n'za ofesi, sitipatsa aliyense, mukatenge kaye kalata." Atafunsa kuti kalatayo ichokere kwa yani, adauzidwa kuti bwana ali ku msonkhano. Mayi amene adaumba nawo njerwa za mdadada umenewo, amene adasenza mchenga ndi madzi mpaka khosi kuuma, adabwezedwa ngati wabwera kudzapempha mchere.

Ndalama za chitukuko si za ofesi. Si za bwana, si za mlembi, ndipo si za phungu kapena khansala. Ndi ndalama za anthu, zochokera ku misonkho yomwe timadula tikamagula katundu m'masitolo, komanso ku ngongole zomwe ana athu adzabweze, choncho mwini ndalama akafunsa momwe zayendera sakupempha chifundo kwa munthu aliyense.

Ndipo si maganizo anga okha, ndi lamulo la dziko lino. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko limapereka ufulu wopeza uthenga womwe boma likusunga. Aphungu adavomereza lamulo la Access to Information mu Disembala 2016, pulezidenti adalisainira mu 2017, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020 titalidikira mpaka kutopa. Lamuloli limafuna kuti bungwe lililonse la boma likhale ndi ofisala woona zopereka uthenga kwa anthu, limaika malire a masiku 15 ogwira ntchito kuti wofunsa ayankhidwe, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi lomwe lidapatsidwa udindo woonetsetsa kuti zimenezi zikutsatidwa. Lamulo lomweli limauzanso mabungwe a boma kuti zinthu zina azizitulutsa okha poyera osadikira kuti wina achite kufunsa. Nanga kalata yomwe azakhali anga adatumidwa ikuchokera m'buku liti? Ndani adapatsa mnyamata wa pa desiki mphamvu yoposa ya Nyumba ya Malamulo?

Ena amati antchito ndi ochepa, ena amati makompyuta adawonongeka. Zimenezo ndazimva, koma kumata pepala pa khoma sikufuna jenereta.

Kuyambira 1998, pomwe dziko lino lidakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, takhala tikuimbiridwa nyimbo ya mphamvu ku anthu. Akuluakulu a m'maboma adalirira kuti ndalama zizitsika kuchoka ku Lilongwe, ndipo zikutsikadi. Mu 2022 thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF lidakwezedwa kuchoka pa K40 miliyoni kufika pa K100 miliyoni pa dera la phungu aliyense, osawerengera thumba la chitukuko cha m'maboma la DDF. Walira mvula walira matope. Mudafuna ndalama, landiraninso mafunso athu. Simungatenge mphamvu n'kutisiyira ife dzina lokha, pomwe munthu wa ku Mwansambo kapena ku Benga sangadziwe ngakhale mtengo wa mjigo womwe wakumbidwa pakhomo pake.

Chomwe chikundiwawa kwambiri n'chakuti nkhani imeneyi siyenera n'komwe kufika poti munthu awononge ndalama ya kabaza. Makhonsolo ali ndi mphamvu yopanga malamulo awoawo, ndipo amaigwiritsa ntchito bwino lomwe akafuna kutolera ndalama za msika kapena za ziphaso za mabizinesi. Bwanji makhansala athu osakhazikitsa lamulo lokakamiza kuti pa miyezi itatu iliyonse mndandanda wa ntchito zonse za chitukuko uzitulutsidwa, wosonyeza dzina la ntchito, mudzi ndi mfumu ya dera lomwe ili, ndalama zomwe zidaikidwa, zomwe zalipiridwa kale, dzina la kontrakitala ndi tsiku lomalizira? Mndandanda umenewo uzimatidwa pa bolodi ku boma, ku Dwangwa, pa zipatala zing'onozing'ono ndi pa bwalo la gogo chalo aliyense, uziperekedwa kwa apampando a makomiti a chitukuko a m'madera (ADC) ndi a m'midzi (VDC), ndipo uziwerengedwa pa wailesi ya Nkhotakota Community Radio kuti ndi msodzi yemwe wa ku Chia amve ali pa ukonde wake. Lamulo lomwelo linene poyera chilango cha ofisala amene wabweza munthu popanda chifukwa cholembedwa. Izi si zakumwamba ayi. Manambala amenewa alipo kale, chifukwa makhonsolo amatumiza malipoti a zachuma ku National Local Government Finance Committee, bungwe loyang'anira zachuma za makhonsolo. Ngati Lilongwe ikutha kuwaona, ife eni ake tikulephereranji?

Ndikudziwa kuti pali zinthu zoyenera kutetezedwa, monga matenda a munthu kapena nambala ya chitupa chake, ndipo palibe amene akufuna zimenezo. Koma mtengo wa malata ndi simenti ya sukulu si matenda a munthu. Amene akubisa mtengo wa simenti akutipatsa chifukwa choganizira kuti matumba ena adalowera kwina, ndipo akuipitsa mbiri ya anzake okhulupirika amene amagwira ntchito molungama m'maofesi omwewo. Inu achikulire a m'makhonsolo, ngati manja anu ndi oyera, tulutsani mapepala tiwaone.

Ndipo pomwe mwatulutsa, musatinyoze. Zikalata zochepa zomwe zimaoneka zimakhala m'Chingerezi chokhachokha chodzaza ndi zidule zomwe ngakhale mphunzitsi amachita kukanda mutu, kapena chimakhala chithunzi cha pepala chojambulidwa mopendekera n'kuponyedwa pa WhatsApp, manambala ake osawerengeka, choti munthu sangachiike mu Excel kuti awonkhetse yekha n'kuona ngati ziwerengero zikugwirizana. Munthu wagula bandulo ya intaneti ndi ndalama ya ndiwo kuti akatsegule chinthu chosawerengeka! Nawo malisiti a msika, amayi ogulitsa usipa ndi tomato amadula tsiku ndi tsiku, koma sindidaonepo pa geti la msika uliwonse pepala lonena kuti mwezi uno tatolera zakuti ndipo tagwiritsa ntchito mwakuti, pomwe zimbudzi za pa msikapo zidadzadza kalekale.