Ndilipirenso kachiwiri kuti ndionere mpikisano womwewo? Ayi ndithu

Lamlungu rimoti inatsala pang'ono kuphwanyikira pakhoma. Ndikuonera NASCAR, mpikisano wa magalimoto wa ku America, magalimoto ali m'mizere itatu, bampala kugunda bampala, liwiro pafupifupi makilomita 300 pa ola, aliyense akuona kuti apa pachitika kanthu. Basi kanema wadula, zotsatsa malonda zalowa. Inshuwalansi. Nkhuku yokazinga. Mankhwala ena ake amene theka la uthenga wake ndi kukuuza mmene angakudwalitsire. Pobwerera kubwalo, mbendera yachikasu yochenjeza za ngozi ili m'mwamba, utsi uli tolotolo, magalimoto ambirimbiri ali phwanyuphwanyu pakapinga, ndipo woulutsa akuti tiyeni tikuonetseni zomwe zachitika. Zomwe zachitika! Ndiye ndinakhala pampando maola atatu kuti ndidzauzidwe ngati nkhani ya dzulo?

Koma chandikwiyitsa kwambiri si chimenecho. Lolemba mnzanga wa kuntchito, wobadwira konkuno ku America ndipo mipikisanoyi anayamba kuonera ali mwana, akuti iye atapeza tchanelo chopanda zotsatsa malonda atha kumalipira madola 15 pamwezi mosangalala. Mosangalala! Ndinamuyang'ana ndithu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ine sindilipira. Ndalipira kale. Mwezi uliwonse ndalama ya TV imachoka ku akaunti yanga ndisanaione n'komwe, ya intaneti nayo chimodzimodzi. Mpikisanowo ndinaugula kale. Ndiye munthu andibisire chinthu chimene ndinagula, kenako azinena kuti ndikawonjezera kangachepe asiya kubisa? Zili ngati wakwera minibasi, walipira yonse, kenako kondakitala akuti uwonjezere kuti akuchotsere thumba la makala lomwe wakusenzetsa pamiyendo. Anaika thumbalo ndani?

Ndipo musandiuze kuti alibe ndalama. Mgwirizano woulutsa mipikisano ya NASCAR kuyambira 2025 mpaka 2031 ndi wa madola pafupifupi 7.7 biliyoni, pakati pa makampani oulutsa a Fox, NBC, Amazon Prime Video ndi TNT Sports. Inde ndikudziwa, amene analipira ndalama zimenezo akufuna kuzibweza, n'chifukwa chake zotsatsa zachuluka. Zawo zimenezo. Ine sindinali nawo pokambirana mtengo.

Komanso taonani masewera ake. Galimoto iliyonse ndi chikwangwani choyenda: pabonati dzina la kampani, pachitseko lina, kumbuyo lina. Ovolosi ya dalaivala yadzaza zigamba kuyambira paphewa mpaka pamwendo. Khoma lozungulira bwalo, mayina okhaokha. Mpikisano wautali kuposa yonse pachaka, wa mamailosi 600 ku Charlotte, dzina lake lenilenilo ndi Coca-Cola 600. Wopambana akatuluka m'galimoto thukuta lili kamukamu, asanathokoze mayi ake amayamba watchula makampani ndi kumwa chakumwa cha omuthandiza atalozetsa dzina lake ku kamera. Zonsezi ndimaonera osadandaula. Ndikuonera malonda ola lililonse la mpikisano. Ndiye pamwamba pa malonda onsewa muchotsenso mpikisanowo kuti mundionetse malonda ena, kenako mundilipiritse kuti muleke? Kulipira kawiri sikokwanira, mukufuna katatu?

Chopweteka n'chakuti njira ilipo ndipo akuidziwa. Kale mu 2007, TNT inaulutsa mpikisano wa mu July ku Daytona zotsatsa zikudutsa m'munsi, magalimoto akuonekabe. Dziko silinathe. Mu 2018 kampani youlutsa ya ESPN itayamba kuonetsa mipikisano ina ya magalimoto ya Formula 1 kuno, anthu anakalipa pa mpikisano woyamba wa ku Australia chifukwa cha kudukizadukiza, ndipo mipikisano yotsatirayo inayamba kuulutsidwa yopanda kudula, kampani imodzi ikulipirira. Oonera sanauzidwe kuti asonkhe. Anangokana, nakweza mawu, zinthu n'kusintha. Ife oonera NASCAR m'malo mokana tikupisa m'thumba tisanapemphedwe n'komwe.

Ndipo amene mukuti mulipira, mukuganiza kuti zidzathera pa madola 15? Lero mukavomera kuti mpikisano wathunthu ndi wa olipira mwapadera, mawa wa anthu wamba adzaudzaza zotsatsa kuposa panopa, kuti otsalawo atope nawonso alipire. Munthu amene wapeza kuti kukukwiyitsa kumamubweretsera ndalama sangasiye kukukwiyitsa. Chaka chinacho mtengo wakwera, kenako katchanelo kopanda malonda kaja kayamba kuika kamodzi kokha, akuti n'kakafupi. Tinaziona kale ndi makanema a pa intaneti, amene anayamba opanda zotsatsa lero ali ndi mitengo iwiri.

Sindikupempha zambiri. Mbendera ikakhala yobiriwira, magalimoto akuthamanga, kamera isachoke pabwalo. Gawani sikirini, malonda mbali ina, mpikisano mbali ina, ngakhale kabokosi kake kakhale kakang'ono. Mpikisano wa Daytona 500 ndi kuzungulira bwalo ka 200 kokha, ndikufuna kuona konse, osati kuwerenga pakona kuti ndaphonya kasanu ndi kawiri. Mbendera yachikasu ikatuluka, magalimoto akuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa galimoto yotsogolera, pamenepo gulitsani nkhuku zanuzo mmene mungafunire, bola mubwerere asanalowe kosintha matayala, chifukwa mipikisano yambiri imapambanidwa kapena kuluzidwa pamasekondi khumi amenewo.

Nanga zija a NASCAR anayamba mu 2017 zogawa mpikisano m'zigawo, kuimitsa dala magalimoto pakati pa mpikisano, sitinkaganiza kuti mpata wa malonda wapezeka, tipuma? Mpata anautenga, ndipo pobiriwira ena akudulabe.

Ndipo pano kuti utsate chaka chonse uyenera kusakasaka kuti sabata ino mpikisano uli kuti. Mwezi uno uli apa, mwezi wamawa pa Prime, kenako kwina, kulikonse ndi pasiwedi yake ndi bilu yake. Pali madala ena oyandikana nafe, zaka zoposa 70, anaonera dalaivala wotchuka wakale Richard Petty akuthamanga. Tsiku lina anagogoda pakhomo ndi rimoti m'manja kudzafunsa kuti mpikisano wapita kuti. Amenewo ndi amene mukufuna kuwauza kuti alipirenso tchanelo chachisanu?