Power supply si pamalo populumutsira ndalama

Izi zandikwiyitsa ndithu. Munthu wagula purosesa ya Core i7-13700K, wagula kadi ya zithunzi (graphics card) ya RTX 4070, SSD yothamanga, mafani owala mitundumitundu, kenako zonsezi wazilumikiza ku power supply, kabokosi kogawa magetsi mu kompyuta, yopanda dzina imene inabwera pamodzi ndi kesi. Lero akudandaula kuti kompyuta ikuzima yokha gemu ikafika pokoma. Akuti mwina kadi ndi yabodza, mwina ndi Windows, mwina ndi vairasi. Ayi bwana, kadiyo ilibe mlandu. Mwaimana magetsi, ndiye mumati itani?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Purosesa imeneyi Intel analemba kuti ikapanikizika imakoka mpaka 253W. RTX 4070 imadya 200W, ndipo eni ake a NVIDIA amati power supply isachepere 650W. Ziwiri zokhazi zakwana 453W, tisanaike motherboard, RAM, SSD ndi mafani aja. Pa power supply yake palembedwa 500W ndi zilembo zikuluzikulu. Koma itembenuzeni muwerenge kapepala ka m'mbali. Pa mzere wa +12V alemba 30A. Chulukitsani 12 ndi 30 mupeza 360W. Purosesa ndi kadi zonse zimamwa pa 12V pomwepo, ma watt otsalawo ali pa 3.3V ndi 5V kumene kadi ilibe nako ntchito kwenikweni. Ndiye 500W ija ndi yokopera wogula basi. Imene muli nayo ndi 360W, mwinanso ikatentha siyifikapo.

Wina anena kuti pa gemu purosesa siyifika 253W nthawi zonse. Zoona. Koma makadi a masiku ano sakoka magetsi mofanana ayi, amatha kudumpha mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepetsetsa kupitirira kutali nambala imene inalembedwa. Ndi chifukwa chake muyezo wa ATX 3.0 umene unatuluka mu 2022 umafuna kuti power supply yoposa 450W yokhala ndi cholumikizira cha 12VHPWR, chopereka magetsi ku makadi akuluakulu, izipirira kawiri mphamvu yake kwa ma microsecond 100. Yotchipa ija ikakumana ndi kudumpha kotere imangozima. Ndipo ikazima muzithokoza, chifukwa ndiye kuti chitetezo chake chagwira ntchito. Zina zilibe n'komwe zitetezo za OCP, OVP ndi SCP, zimene zimaizimitsa magetsi akachuluka kapena mawaya akagundana. Zimenezo sizizima, zimapsa, ndipo popsapo zimatha kutenga motherboard ndi SSD n'kupita nazo. Mwapulumutsa pang'ono pa chinthu chimodzi, mwataya zitatu.

Inu okonza zithunzi ndiye muzimva bwino. Gemu ikazima mumangoyambiranso. Koma Lightroom ikamatulutsa zithunzi za RAW zambirimbiri imagwiritsa ntchito ma core onse a purosesa, Denoise, yoyeretsa timadontho pa chithunzi, nayo imapanikiza kadi. Kompyuta ikazima pamene catalog, fayilo imene Lightroom imasungamo ntchito yanu, ikulembedwa, fayilo ija imatha kuwonongeka, ndipo ngati mulibe backup ntchito yonse yosankha ndi kukonza mitundu yapita. Zithunzi za kasitomala mukuziika m'manja mwa kabokosi kamene simukudziwa ngakhale amene anakapanga!

Ndikudziwa, power supply siwonjezera FPS, liwiro la zithunzi mu gemu, siwoneka pagalasi la kesi, ndiye anthu amaiganizira komalizira ndalama zitatha. Koma walira mvula walira matope. Wafuna kadi yaikulu wafunanso power supply yaikulu. Ngati ndalama sizikukwana zonse ziwiri, tsitsani kadi, osati power supply. RTX 4060 imadya 115W yokha, ndipo pa power supply yabwino idzakutumikirani bwino kuposa RTX 4070 imene ikungozimazima.

Posankha musayambire pa nambala ya pabokosi. Pezani mphamvu imene purosesa imakoka ikapanikizika, osati TDP yokha, nambala ya ma watt imene opanga amalemba pa purosesa. Mwachitsanzo Ryzen 5 7600 amailemba 65W koma imaloledwa kufika 88W. Onjezani ya kadi, onjezaninso pakati pa 50W ndi 80W ya zotsalazo, kenako siyani mpata pamwamba, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa kompyuta ya munthu uja yankho ndi 750W. RTX 4080 imadya 320W ndipo NVIDIA amati 750W, RTX 4090 imadya 450W ndipo amati 850W, koma mukaiphatikiza ndi purosesa yadyera kwerani pamenepo. Mukatero yang'anani mzere wa +12V uja. Pa power supply yabwino ya 750W mupeza 62A kapena pafupi pamenepo, kutanthauza kuti pafupifupi mphamvu yonse ili pamene ikufunika.

Ndipo chizindikiro cha 80 Plus chisakupusitseni. Chimangoyeza kuti magetsi ochokera pakhoma akutayika ochuluka bwanji ngati kutentha. Pa 115V, itanyamula theka la katundu wake, ya mlingo wa Bronze imapereka 85% ya magetsi amene yakoka pakhoma ndipo ya Gold imapereka 90%. Za ma capacitor ali m'katimo kapena zitetezo sichinenapo kanthu. Onani warranty. Opanga amene amakhulupirira chinthu chawo amapereka zaka 7 kapena 10, pamene amene akupereka chaka chimodzi akuuzani kale zonse. Fufuzaninso anthu amene anatsegula mtundu weniweniwo n'kuuyeza ndi makina, chifukwa kampani imodzi yomweyo imatha kukhala ndi mtundu wabwino ndi wina wachabechabe.

Zingwe nazo ndi nkhani yomweyi ya kuumira. Slot ya PCIe, malo amene kadi imalowa pa motherboard, imapereka 75W, cholumikizira cha 6-pin 75W, cha 8-pin 150W. Power supply ikakhala yopanda 8-pin, imeneyo ikukuuzani kuti sinapangidwire kadi yotere. Koma munthu amakagula adaputa ya SATA kupita ku 8-pin kuti akakamize. Cholumikizira cha SATA chimanyamula 54W basi pa 12V, inu mukufuna mudutsitsepo 150W. Pulasitiki imasungunuka, waya amada, kenako fungo. Tayani adaputa imeneyo! Kadi ikakhala ndi malo awiri a 8-pin, kokani zingwe ziwiri zosiyana kuchokera ku power supply, osati chingwe chimodzi chamitu iwiri. Musasokonezenso 8-pin ya purosesa ndi ya kadi, zimafanana pamaso koma mawaya ake anayalidwa mosiyana. Ikakana kulowa musaikakamize.

Pa power supply ya zingwe zochotseka, gwiritsani ntchito zingwe zimene zinabwera nayo basi. Mbali imene imalowa mu power supply ilibe muyezo umodzi, kampani iliyonse imayala mawaya momwe ikufunira. Chingwe chakale chimatha kulowa bwinobwino koma n'kutumiza 12V pamene pamayenera kupita 5V, ndipo ma SSD ndi ma hard drive onse amapsa pongoyatsa. Cha 12VHPWR chija, chimene chimanyamula mpaka 600W, chikankheni mpaka chilire kuti tche, pasaoneke mpata, ndipo musachipinde pafupi ndi mutu. Zolumikizira zitayamba kusungunuka pa RTX 4090 mu 2022, NVIDIA ananena kuti vuto lofala linali kusalowetsa chingwe mpaka kumapeto.

Ndibwereze. Power supply muzigula poyamba m'maganizo, osati ndi ndalama zotsala. Kadi mudzasintha, purosesa mudzasintha, koma power supply yabwino imadutsa makompyuta awiri. Ya ulere yobwera ndi kesi ichotseni musanaike ngakhale sikuluwu imodzi.

Ndipo munthu yemweyu waika RAM imodzi ya 16GB. Imodzi! Purosesa ili ndi njira ziwiri zolankhulira ndi RAM, iye watseka imodzi. Gulani ziwiri za paketi imodzi, ndipo ngati Photoshop ndi Lightroom muzizitsegula pamodzi zikhale 16GB ziwiri kuti zikwane 32GB. Pa motherboard ya malo anayi zimalowa pachiwiri ndi pachinayi kuchokera ku purosesa, A2 ndi B2, koma tsimikizani m'kabuku ka motherboard. Mukatero lowani mu BIOS muyatse XMP, kapena EXPO pa AMD, kuti RAM iziyenda pa liwiro lake lonse. Anthu akugula RAM ya DDR5 ya liwiro la 6000 n'kumaiyendetsa pa 4800 chaka chonse chifukwa cha ulesi wotsegula BIOS.