Madzi a m'ngalande za mvula ku Blantyre nawonso aziyezedwa

Mvula ya chizimalupsa itagwa sabata yatha, ndinaima pamlatho wa mtsinje wa Mudi n'kumayang'ana ngalande imodzi yotsika kuchokera kumsewu. Madzi ake anali akuda bii, oyilo akuyandama pamwamba, ndipo majumbo ndi matewera zinali zitakodwa pakamwa pa paipi. Chakumunsi pang'ono, mayi wina ankatunga madzi omwewo kuti athirire mpiru m'dimba lake, mpiru umene mawa lake ine kapena inu tikanaugula pamsika.

Malamulo tili nawo. Lamulo loona za madzi la 2013 limati aliyense wotayira madzi oipa mumtsinje akhale ndi chilolezo chochokera ku bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 ndi limene linakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA. Koma tikamakamba za kuipa kwa Mudi, maso athu amathamangira ku mapaipi a mafakitale ndi a suweji, chonsecho ngalande ya mvula timaiona ngati yosalakwa chifukwa choti madzi ake achokera kumwamba. Madzi a suweji amayenera kukafika kaye kumalo owayeretsera asanalowe mumtsinje, pamene a m'ngalande salowa kwina kulikonse. Zonse zimene akokolola pagalaja, pamalo otsukira magalimoto, pamsika ndi pachimbudzi chosefukira amakazitula mumtsinje momwemo.

Maganizo anga ndi akuti ngalande iliyonse yaikulu yotsirira mu Mudi, Naperi kapena Nasolo ikhale ndi nambala yake, ndiponso chilolezo chonena mwini wake ndi muyezo wa zoipa umene sayenera kupyola. Ngati mwini wakeyo ndi khonsolo ya mzinda, nayonso itenge chilolezo monga momwe fakitale imatengera, chifukwa ngalande yopanda mwini palibe amene angaimbidwe nayo mlandu.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi nthawi yoyezera. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala fumbi, oyilo ndi zinyalala zimaunjikana m'misewu, ndipo mvula yoyamba ndi imene imanyamula zochuluka m'kanthawi kochepa. Woyeza akabwera mu Febuluwale, misewu itatsukika kale ndi mvula ya miyezi itatu, botolo lake lidzaonetsa madzi abwinoko kusiyana ndi amene anthu akumunsi anasamba ndi kuchapira mu Novembala. Choncho madzi azitungidwa pa mvula yoyambayo, pakamwa penipeni pa ngalande, ndipo kulabotale akaone tizilombo ta E. coli topezeka m'chimbudzi, oyilo, mtovu wochokera m'mabatire akutha komanso kuchuluka kwa okosijeni. Ngalande ikapezeka ikutuluka madzi m'chilimwe kunja kuli gwaa, pamenepo mwina wina walumikizako paipi yake mobisa, ndipo oyeza aitsatire mpaka gwero lake.

Sitinaiwale kolera amene anayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Blantyre ali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Ndi chifukwa chake ndikupempha kuti zotsatira za kuyezako zisamathere m'mafayilo a m'maofesi. Zizilembedwa m'Chichewa, zimatidwe pamsika wa ku Ndirande ndi wa ku Limbe, ziwerengedwe pawailesi, ndipo khansala wa dera lililonse azizitengera kwa amfumu ndi kwa alimi a m'madimba a m'mbali mwa mtsinje mwezi womwewo umene madzi ayezedwa.