Dzina la tchanelo lilembedwe poganizira mlendo

Mwezi wathawu mnyamata wina analowa pa Discord (malo ochezera pa intaneti, ogawidwa m'zipinda zotchedwa matchanelo) ya pulojekiti yathu ya open source, pulogalamu imene aliyense angathandize kuikonza, ali ndi funso limodzi lokha: pulogalamu imakana kuyaka pa laputopu yake. Anakhala masiku atatu ali phee. Nditamufunsa kumbali anati, "Achimwene, matchanelo achuluka, sindikudziwa pofunsira." Ndinachita manyazi. Tinali ndi #general, #chat, #lounge, #random, kuphatikizapo china chomwe tinachitcha dzina la nthabwala imene tinaseka anthu anayi okha chaka chatha. Zambiri mwa izo zinali zii ngati kumanda.

Eni mudzi njira amazidziwa kale, ngakhale usiku. Amene amasochera ndi mlendo, ndipo dzina la tchanelo ndi lake iyeyo.

Taonani a Kubernetes, pulojekiti ina ya open source, pa Slack, malo ena ochezera ngati Discord. Magulu awo ogwira ntchito amayamba ndi sig: #sig-network, #sig-docs, #sig-storage. Ukangolemba zilembo zitatuzo, onse amandandalika okha. Palinso #kubernetes-novice, dzina lokhalo likukuuza kuti pano sakuseka ngakhale funso lako likhale lachibwana. A Rust, chinenero cholembera mapulogalamu, pa malo awo ochezera a Zulip nawonso mayina a magulu awo amayamba ndi t: t-compiler, t-lang. Pa IRC, njira yakale yochezera pa intaneti, kale pa freenode ndipo kuyambira 2021 pa Libera.Chat, chizindikiro cha # chimodzi ndi cha tchanelo cha pulojekiti yeniyeniyo, pomwe ## ndi cha anthu ongokonda nkhaniyo. A pulojekiti ya Ubuntu anapatula #ubuntu-offtopic kuti macheza asamakwirire mafunso a pa #ubuntu.

Koma chimene chimanditopetsa kwambiri ndi kutsegula tchanelo poganiza kuti anthu abwera okha. Sabwera. Asiyeni kaye adzaze #general ndi nkhani zomasulira mpaka ena ayambe kudandaula, pamenepo ndiye mutsegule #kumasulira. Chomwe chakhala miyezi itatu popanda wolembapo, chitsekeni, musachimvere chisoni. Ndipo amene muli pa Slack yaulere, kumbukirani kuti kuyambira 2022 mauthenga opitirira masiku 90 saonekanso, ndiye zimene mwagwirizana kazilembeni pa GitHub, tsamba losungirapo ntchito ya pulojekiti.

Loweruka lina ndinatseka matchanelo onse ogona, n'kutsegula chimodzi chotchedwa #thandizo, pamwamba penipeni. Mnzanga wina anakwiya chifukwa cha tchanelo cha nthabwala chija, mpaka pano sanandikhululukire bwinobwino. Mnyamata uja anafunsa madzulo omwewo. Vuto linali Python yakale basi, chinenero chimene pulogalamuyo imadalira.