Tisamangoimba mlandu pasiwedi, rauta nayo ili ndi chibowo

Munthu akadandaula kuti bandulo ya pa rauta (kabokosi kogawa Wi-Fi) ikutha msanga, tonse timathamangira kumuuza kuti asinthe pasiwedi, aikemo manambala ndi zilembo zikuluzikulu. Malangizowo ndi abwino. Koma chimene chimandiwawa ine n'chakuti timadzudzula mwini rauta pomwe vuto lina linabwera nayo kuchokera kufakitale.

Tembenuzani rauta yanu muone kapepala komata kunsi kwake. Marauta ambiri, makamaka akale, ali ndi manambala 8 olembedwa kuti WPS PIN. WPS ndi njira imene anaiika kuti munthu alumikize foni kapena printa osavutika kulemba pasiwedi yaitali. Mu Disembala 2011, wofufuza za chitetezo cha makompyuta Stefan Viehböck anaonetsa poyera kuti rauta siyang'ana manambala 8 onsewo pakamodzi. Imayamba yavomera kapena kukana 4 oyambirira, kenako n'kuona otsalawo. Komanso nambala yomaliza ndi yongotsimikizira zinzake, moti wakuba amaiwerengera yekha. Ndiye m'malo moyesa mamiliyoni, amangofunika kuyesa kosapitirira ka 11,000. Pulogalamu yotchedwa Reaver inkamaliza ntchito imeneyi m'maola ochepa, munthu ali phee kuseri kwa mpanda.

Choopsa kwambiri n'chakuti wakuba akangoipeza PIN, rauta imam'patsa yokha pasiwedi yanu, ngakhale italike bwanji. Mukaisintha mawa, PIN yomweyo im'patsanso yatsopanoyo. Zili ngati kukhoma chitseko ndi loko wamkulu pomwe mmisiri anasiya zenera losatsekeka kuchipinda. Mu 2014 wofufuza wina, Dominique Bongard, anaonetsanso njira ina, yotchedwa Pixie Dust, imene pa marauta ena imatulutsa PIN m'kanthawi kochepa chabe.

Ndipo nkhani si bandulo yokha ayi. Wolowa pa netiweki yanu amakhala mbali imodzi ndi kompyuta ya pashopu, makamera a pageti ndi foni imene mumatumizira ndalama.

Ena amati makampani anakonza kale zimenezi. Marauta atsopano ambiri amatseka WPS munthu akalakwitsa PIN kangapo, ndipo WPA3, njira yotetezera Wi-Fi imene inabwera mu 2018, sigwiritsa ntchito WPS n'komwe. Nanga amene anagula rauta yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena amene akugwiritsabe ntchito ya zaka khumi zapitazo chifukwa ikuyakabe? Kampani ikasiya kutulutsa update ya rauta, kawirikawiri mwini rauta sadziwa. Ine ndimaona kuti kumeneku n'kulakwira ogula, ndipo ogulitsa ndi amisiri oika intaneti m'nyumba za anthu akuyenera kuzimitsa WPS tsiku lomwelo, asanalandire ndalama.

Pakadali pano, lowani mu settings za rauta yanu, muzimitse WPS, musinthenso pasiwedi ya admin (yolowera mu settings) ngati ikadali yomwe inabwera nayo. Onaninso mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, muwerenge ngati zonse ndi za pakhomo panu. Rauta ikakhala yoti ilibe pozimitsira WPS ndipo update inasiya kubwera, ine ndingakulangizeni kuti musunge ndalama mugule ina.