Riferendamu ya kukhonsolo: funso amasankha ndani?

Chaka chilichonse kalata ya msonkho wa kukhonsolo ikafika pakhomo panga kuno ku England, ndimakumbukira kuti pali lamulo lomwe limanena kuti ife olipira tili ndi mphamvu yokana msonkhowo ukakwera mopyola muyeso. Lamulolo ndi Localism Act la chaka cha 2011, ndipo limalamula kuti khonsolo yofuna kukweza msonkho kuposa malire oikidwa iyenera kuyamba yafunsa anthu kudzera mu riferendamu, ndipo zotsatira zake khonsolo singazikane. Pomva kokha, ili ndi lamulo labwino. Koma ine ndikuona kuti mphamvu imene linapereka kwa anthu ndi yochepa kwambiri kuyerekeza ndi mmene limatamandidwira.

Malirewo saika ndi anthu a m'deralo. Amaika ndi nduna ku London chaka ndi chaka, ndipo m'zaka zaposachedwa akhala pafupifupi 5 peresenti kwa makhonsolo akuluakulu amene amasamalira okalamba ndi olumala. Zotsatira zake n'zoti makhonsolo ambiri amakweza ndi 4.99 peresenti ndendende, kuti asafike pamzere wofunsa anthu. M'zaka khumi zoyambirira za lamuloli riferendamu yotere inachitika kamodzi kokha, ku Bedfordshire mu Meyi 2015, pamene mkulu wosankhidwa woyang'anira apolisi, a Olly Martins, anapempha kukweza gawo la msonkhowu lopita kwa apolisi ndi 15.8 peresenti, ndipo anthu pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi alionse anakana. Mu 2017 khonsolo ya Surrey inalengeza kuti ifunsa anthu za 15 peresenti, kenako inabwerera m'mbuyo voti isanachitike.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi ichi: pamene msonkho wakweradi mopweteka, m'pamene anthu sanafunsidwe. Khonsolo ya Croydon itagwa m'ngongole, boma linailola kukweza msonkho ndi pafupifupi 15 peresenti mu 2023 popanda riferendamu, ndipo Birmingham inaloledwa pafupifupi 10 peresenti mu 2024. Dzanja lomwelo limene linapereka ufulu ndi limene limaulanda tsiku limene ukufunika.

Ku Bavaria, m'dziko la Germany, anachita mosiyana. Kuyambira 1995 nzika zenizenizo zikhoza kusonkhanitsa masiginecha n'kukakamiza khonsolo kuchititsa voti pa nkhani imene izo zasankha, ndipo chigamulo chake chimamanga khonsolo kwa chaka chathunthu. Mu Novembala 2004 anthu a ku Munich, potsogoleredwa ndi meya wakale wa mzindawo, a Georg Kronawitter, anavota kuti pasamangidwe nyumba yotalika kuposa nsanja za tchalitchi cha Frauenkirche, zomwe ndi pafupifupi mamita 100. Makhansala ambiri sanagwirizane nazo, koma analemekeza chigamulocho kwa zaka zambiri ngakhale chaka cha m'lamulo chitadutsa. Kusiyana kwake kuli poyera: kumeneko funso linachokera kwa anthu, ndipo silinali la msonkho wokha.

Sindikubisa kuti njira imeneyi ili ndi zofooka zake. Pa voti ya ku Munich panabwera anthu ongopitirira pang'ono mmodzi mwa asanu alionse, ndipo mbali yopambana inapambana ndi mavoti ochepa zedi. Munthu akhoza kufunsa ngati n'koyenera kuti kagulu kotere kamange manja a makhansala osankhidwa ndi mzinda wonse. Palinso mantha akuti anthu akafunsidwa za ndalama adzakana nthawi zonse, pamene misewu ndi nyumba zosamalira okalamba zikufuna ndalama zomwezo. Mantha achiwiriwa ndimawamvetsa, koma amakula chifukwa riferendamu ya msonkho ya ku England imafunsa funso limodzi lokha, loti kodi mukufuna kulipira zambiri, osafunsa ngati laibulale itsekedwe kapena ngati malo osewerera ana agulitsidwe kwa omanga nyumba.

Ndikanakonda aphungu atasintha lamuloli m'malo awiri: alole anthu kuitanitsa okha riferendamu akakwanitsa masiginecha okwanira, ndipo aike chiwerengero cha ovota chimene chiyenera kukwana kuti chigamulo chigwire ntchito. Mphamvu ya nduna yochotsera khonsolo ina pa lamuloli nayonso ithetsedwe, chifukwa anthu a ku Croydon ndi amene analipira 15 peresenti ija, osati nduna imene inasaina.