Inu anyamata a poker, dziko la eni si bwalo la juga

Lachiwiri lapitali foni yanga inalira 2 koloko ya usiku. Pa msinkhu wangawu, foni ikalira nthawi imeneyo mtima umathamangira ku maliro. Anali mlongo wanga, mawu akutsamwa ndi kulira. Mwana wake wachisamba wagonekedwa m'chipatala ku Chiang Mai, kumpoto kwa Thailand, mwendo wathyoka pawiri atagwa pa njinga yamoto yobwereka. Achipatala akufuna ndalama. Viza inatha kalekale. Akaunti imene amasungamo ndalama zake zonse, eni masewera a makadi a pa intaneti otchedwa poker anaitseka. Ndiye mayi wake akundifunsa ine, malume wake, kuti achimwene titani.

Titani? Funso limeneli linali kuti chaka chatha, pamene mnyamatayo amasiya ntchito ku Cape Town, ntchito ya malipiro a pamwezi, mapepala ake onse ali bwinobwino? Ife tinangoona zithunzi pa Facebook. Iye ali pakhonde, laputopu pamiyendo, mapiri kumbuyo, pansi pake walembapo kuti tsopano alibenso bwana. Nditamulembera, anandiyankha kuti amalume zimenezi simungazimvetse, poker si juga koma luso. Nanga lero luso limenelo lalipira bedi la kuchipatala? Lamugulira ndodo zoyendera?

Ndikanakhala chete akanakhala iye yekha. Koma pamene timasonkhetsa ndalama pa gulu lathu la WhatsApp, ndamva kuti anyamata ena awiri a mtundu wathu womwewu akufufuza kale mtengo wa tikiti ya ndege. Mnzawo ali gone ndi zitsulo m'mwendo, iwo akuti ameneyo anangochita tsoka. Tsoka! Munthu wosadziwa njinga, wopanda laisensi, wopanda inshuwalansi, chipewa cha chitsulo wasiya kunyumba, n'kulowa m'misewu ya dziko limene ambiri ofa pangozi ndi a njinga zamoto zomwezo, inu n'kumati tsoka?

Sinditaya nthawi kukuuzani chomwe juga ili, mukuidziwa bwino. Munawaona amene anagulitsa malata a nyumba chifukwa cha kubetcha mpira. Munawaona amene kandege kanawaulutsira ndalama ya fizi ya ana. Chandikwiyitsa ine n'chakuti juga yomweyo mwaiveka jekete, mwaikweza ndege, n'kuitcha ntchito.

Mumati kumeneko moyo ngotchipa. Chipinda cha pamwezi n'chotchipa, mbale ya mpunga ya m'mbali mwa msewu njotchipa, intaneti imathamanga. Sindikukana. Koma ndaliona pepala limene mumawerengerapo ndalama, mwana wa mlongo wangayu anatumizira mng'ono wake kuti amukope. Pali lendi, pali chakudya, pali mowa. Mzere wa chipatala palibe. Mzere wa malungo a dengue, amene udzudzu wa kumeneko umafalitsa ngakhale masana, palibe. Tikiti yobwerera palibe. Laputopu ikabedwa, palibe. Mwezi umene makadi akukana, palibe. Kodi mizere imene munaisiyayo mumaganiza kuti imalipiridwa ndi ndani? Imalipiridwa ndi mayi amene amagulitsa zitumbuwa ndi mandasi pamsika. Imalipiridwa ndi mlongo wanu wosamalira okalamba ku Leeds ku England, amene amagwira mashifiti a usiku mpaka msana kuuma. Kutchipa kwanuko ndi ngongole imene mwalembera abale anu osawafunsa.

Ndipo ndalama ya poker imachokera kuti, ngati si m'thumba la mnzako wa patebulo? Palibe chimene chadzalidwa, palibe chimene chasokedwa, palibe chimene chamangidwa. Kampani imadula kake pa ndalama iliyonse yoikidwa pakati, pafupifupi 5 pa 100 alionse, mwina mwadya mwina mwadyedwa. Iyo siluza. Akatswiri enieni, amene akhala pa makadi zaka khumi, amavomereza okha kuti munthu amatha kusewera bwino miyezi ingapo yotsatizana akungoluza. Iwo amakhala atasunga padera ndalama yodyera miyezi yambiri, yosakhudzana ndi ya patebulo. Inu thumba ndi limodzi: losewerera ndi lomwelo, la lendi ndi lomwelo, la ndiwo ndi lomwelo. Ndi mlimi uti amene amakazinga mbewu yake mu Okutobala n'kumayembekeza kukolola mu Epulo? Ndipo mbewu ikachepa, mumatani? Mumathamangira patebulo la ndalama zikuluzikulu kuti mubweze msanga zimene zapita. Pamenepo ndi pamene mwana wa mlongo wanga anathera theka la zimene anasunga zaka zinayi ku Cape Town, usiku umodzi wokha.

Mumakonda kutchula Chris Moneymaker, kalaliki wa za ndalama wa ku Tennessee ku America amene anayambira pa intaneti ndi ndalama yochepa n'kukapata madola 2.5 miliyoni ku Las Vegas. Zimenezo zinachitika mu 2003, ena a inu mukuyamwa. Pa mpikisano umenewo panali anthu 839. Mayina a otsalawo mukuwadziwa? Ndipo patebulo la pa intaneti la lero, mukutsimikiza kuti mukusewera ndi munthu? Mu Januwale 2017 ku Pittsburgh, kompyuta yotchedwa Libratus inagonjetsa akatswiri anayi a dziko lonse pa masiku 20. Mu 2019 ina yotchedwa Pluribus inachita zomwezo patebulo la anthu asanu ndi mmodzi. Akatswiri anagwa, ndiye iwe wophunzirira pa YouTube, maso ofiira ndi tulo, ndiwe udzaime? Kale mu 2007 ndi 2008 zinaululika kuti pa Absolute Poker ndi UltimateBet anthu a m'kati mwa makampaniwo amaona makadi a anzawo n'kumawakolola ngati chimanga. Oberedwawo nawonso ankati ali ndi luso.

Nkhani ya 15 Epulo 2011 ndiye muimve bwino, poti ndi imene inabala moyo womwe mukuusirirawu. Tsiku limenelo boma la America linalanda masamba a intaneti a PokerStars, Full Tilt Poker ndi Absolute Poker. Anthu anadzuka m'mawa, kutsegula kompyuta, n'kupeza chidindo cha boma pamene panali ndalama zawo. Kenako zinadziwika kuti Full Tilt inali ndi ngongole ya madola pafupifupi 390 miliyoni kwa osewera ake, pamene kubanki inali ndi pafupifupi 60 miliyoni yokha. Osewera a ku America anayamba kubwezeredwa zawo mu 2014, a pa Absolute Poker mpaka 2017. Anyamata amene anathawira ku Mexico, ku Costa Rica, ku Canada ndi ku Thailand nthawi imeneyo sanapite kokasangalala, anathawa chifukwa kwawo chitseko chinatsekedwa. Iwowo anali nzika za dziko lamphamvu, a maloya awo, a boma limene linawathamangira ndalamazo, komabe anadikira zaka zitatu, ena zisanu ndi chimodzi. Iwe wochokera ku Ntcheu, akaunti yako ikatsekedwa, ukadandaula kwa yani? Kwa anyakwawa?

Ya mwana wa mlongo wanga anaitseka chifukwa chobisa komwe ali. Amasewera kudzera pa VPN, kunamiza kampani kuti akadali kwina. Tsiku lofuna kutapa ndalama anamufunsa umboni wa komwe akukhala, iye alibe. Kalata inabwera ya mizere itatu, ndalama zonse zagwidwa. Kupolisi sangapite, chifukwa ku Thailand juga njoletsedwa ndi lamulo la 1935, kupatula lotale ya boma ndi mpikisano wa akavalo. Dziko limene lili ndi lamulo loletsa ngakhale kusunga makadi oposa 120 osalembetsa, inu ndiye mwalisankha kukhala ofesi yanu? Ku Cambodia juga ya pa intaneti anailetsa mu 2019. Ngakhale ku Joni komweku, khoti linagamula mu 2010 kuti poker ndi kasino za pa intaneti n'zosaloledwa, ndipo zimene wapata boma likhoza kulanda. Wakuba akakubera chamba, umakamusumira kuti?

Tibwere ku pasipoti. Osewera poker amene mumawaonera pa mavidiyo aja ali ndi mapasipoti a ku Norway, a ku Germany, a ku Canada. Zikawavuta amakwera ndege kubwerera kwawo, komwe chipatala chikuwadikira ndipo boma limapereka kangachepe kwa wosowa ntchito. Wathu wa ku Malawi amafunsidwa viza m'maiko ambiri, ndipo pachipata amamuyang'ana kawiri. Viza ya mlendo wodzaona malo si chilolezo chogwirira ntchito, ndipo za kutuluka malire n'kulowanso tsiku lomwelo akuluakulu a zolowa ndi kutuluka anazitulukira kalekale. Ukapitirira masiku ku Thailand, chindapusa, m'ndalama ya kumeneko, ndi 500 baht tsiku lililonse mpaka 20,000 baht. Ukapitirira masiku 90 n'kudzipereka wekha, akuletsa kulowanso chaka chathunthu. Akakugwira okha, ndi zaka zisanu kapena kuposa, ndipo umayamba wagona m'chitolokosi cha olowa m'dziko mosaloledwa ku Bangkok kufikira abale ako atagula tikiti. Kazembe wathu ali kutali, ku Beijing, ku Tokyo kapena ku New Delhi. Amene munalawapo Lindela, kumene ku Joni amatsekera opanda mapepala, kapena munaona m'bale wanu akutsika basi ndi jumbo yokha m'manja, mukufunanso kuti ndikuuzeni chiyani? Kwa eni kulibe mkuwe.

Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni n'china. Mnyamata ndalama zikamuthera kumeneko, manyazi amamuletsa kuimba foni kwawo. Ndiye pa Telegram kapena pa Facebook amaona uthenga: ntchito ya pa kompyuta, kuyankha makasitomala m'Chingerezi, malipiro m'madola, pogona ndi chakudya zaulere. Galimoto imadzamutenga. Akamazindikira awoloka naye mtsinje wa Moei usiku, ali ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, m'mpanda wa waya ndi alonda a mfuti, pasipoti alanda, akumukakamiza kubera anthu pa intaneti maola ochuluka pa tsiku, akalephera akumenyedwa. Mu Ogasiti 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena kuti anthu osachepera 120,000 ku Myanmar ndi pafupifupi 100,000 ku Cambodia ali mu ukapolo wotere. Amene anatulutsidwa kumeneko mu Febuluwale 2025, munalinso ana a kuno ku Africa, a ku Ethiopia, a ku Kenya ndi kwina. Mukuganiza kuti amalonda a anthuwa amasaka ndani, ngati si mnyamata wodziwa Chingerezi, wozolowera kompyuta, wa viza yotha, wa njala, woopa apolisi? Mwana wa mlongo wanga wandiuza yekha kuti uthenga wotere anali ataulandira kale, ndipo anali atayankha. Mwina mwendo wothyokawo ndi umene wamupulumutsa.

Nanga dziko limene mumati mukukaliona, mumalionadi? Matebulo amadzaza anthu a ku Ulaya akaweruka kuntchito, pamene ku Thailand ndi pakati pa usiku. Ndiye usiku wonse uli pa kompyuta, makatani otseka, masana uli m'tulo. Chilankhulo cha eni dziko sudziwa ngakhale moni. Mnansi sakudziwa dzina. Ukadwala palibe wokuphikira phala, palibe mpingo wodzakuona, palibe wogogoda kufunsa kuti mwadzuka bwanji. Mnyamata wathuyu anagona masiku awiri m'chipatala popanda munthu mmodzi wobwera, anzake a poker aja onse foni osayankha. Umenewu ndiye ufulu womwe munasiyira ntchito?

Nanunso akuluakulu anzanga musayang'ane kumbali. Pamene anatumiza madola 200 mwezi wake woyamba, ndani anafunsa kuti ndalamayi yachokera kuti? Tinalulutira. Ena munalemba pansi pa zithunzi zija kuti mwana watitulutsa manyazi, ena munamupempha foni yatsopano, ena munauza ana anu kuti tengerani chitsanzo. Chikomekome cha mkuyu tinachiona tonse, palibe anang'amba kuti aone nyerere. Mwana akabwera ndi nkhuku usiku, kholo lenileni limafunsa kaye mwini wake lisanatereke madzi pamoto.

Tsopano taonani zimene zatigwera sabata ino. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola kubanki sapezeka, aliyense akudziwa. Tawafuna kwa a pamsewu pa mtengo wosaneneka. Mlongo wanga wagulitsa ng'ombe ziwiri zimene anasiyiridwa ndi malemu bambo a anawa. Ndalama ya feteleza ya chaka chino yapita ku Chiang Mai. Mng'ono wake wa mnyamatayu, amene amayenera kuyamba kozi ya unamwino, adikira chaka china. Mlamu wanga wina watenga katapila. Onsewa palibe anagwirapo khadi ngakhale limodzi, palibe anakwerapo ndege, palibe anaona mapiri a pa chithunzi aja.

Mwanayo timubweretsa, ndi magazi athu, ndipo akafika ndikamulandira ndekha ku Chileka. Koma inu awiri amene mukufufuza matikiti, ndi ena onse amene mukuwerenga izi laputopu ili kale m'chikwama, pitani kaye mukawayang'ane mayi anu kumaso, muwauze kuti ng'ombe yoti adzagulitse ndi iti. Ngati pakamwa pakulemera, khalani pansi.